Zija za Stylelint zatheka

Abale, zija ndinafunsa sabata yatha, zoti ndingatani kuti ma project athu atatu azitsata malamulo amodzi a CSS (code ya maonekedwe a website) pa Stylelint, chida chofufuza zolakwika mu CSS, osamangokopera .stylelintrc, file ya malamulo ake, uku ndi uku, zatheka tsopano. Ndapanga package yapayokha ya npm (malo ogawanirana ma package a code), dzina lake likuyamba ndi stylelint-config-, mkatimo ndaika extends yotengera malamulo okonzedwa kale a stylelint-config-standard kenako malamulo athu pamwamba pake, ndiye project iliyonse imangoitana package ija basi. Pomwe ndinavutika ndi pa lamulo la indentation (ma space a kumayambiriro kwa mzere), Stylelint imangoti unknown rule mpaka ndinataya tsiku lonse, kenaka ndinazindikira kuti Stylelint 16 inachotsa malamulo akaonekedwe ngati amenewa. Pano za ma space ndasiyira Prettier, chida chokonza kaonekedwe ka code. Komanso musaiwale kuika stylelint mu peerDependencies ya package ija, mndandanda wa zomwe project yoitana package iyenera kukhala nazo. Zikomo kwambiri nonse munandithandiza aja.