Mimba yakula koma uzimba wayandikira

Wa ku Ngabu: Abale ndithandizeni, tikangokolola mapira anzanga ayamba zosaka akalulu ndi agalu koma ine ndi chimimba ichi ndikangothamanga pang'ono basi wefuwefu, ndipange bwanji?

Mlenje wakale: Achimwene chepetsani mitanda ya nsima, shuga wamutiyi ndi kamowa ka Loweruka kaja. Kusala kudya ayi, mukakomoka kutchire.

Wakabaza: Palasani njinga m'mamawa kuchoka pa Dyeratu mpaka pa Thabwa, mukazolowera yambani kukwera chitunda cha ku Blantyre, koma tengani madzi paja dzuwa la kuchigwa kuno silinyengerera munthu.

Achemwali a ku Bangula: Kkkk akulu kukumba mbewa nayonso ndi jimu, khasu lokha liphwetsa mimbayo. Koma ku Lengwe ndi Majete musayerekeze, akakunjatani ndi agalu omwe.