Kodi mkazi wokwatiwa ku England m'zaka za m'ma 1850 analibedi chuma chakechake?

Nambewe:
Ndangomaliza kuwerenga buku la nkhani yopeka yochitikira ku London mu ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, ndipo chigawo chimodzi chandisowetsa mtendere. Mayi wina wosoka zovala ankasunga ndalama zake m'kachitini komwe anakabisa pansi pa thabwa la m'chipinda, koma mwamuna wake, amene anamuthawa kwa zaka ziwiri, anangotulukira tsiku lina, n'kutulutsa kachitiniko, n'kuwerenga ndalamazo pamaso pake, ndipo wapolisi amene anaitanidwa ananena kuti palibe mlandu. Ndinayamba ndatseka bukulo chifukwa mtima unandiwawa kwambiri. Kodi wolemba anakokomeza pofuna kutimvetsa chisoni, kapena malamulo ankalolezadi zoterezi?

Chisale:
Mayi Nambewe, wolembayo sanakokomeze ayi. Pa nthawiyo lamulo la ku England linkatenga mwamuna ndi mkazi wake ngati munthu mmodzi, ndipo woimira munthu ameneyo anali mwamuna, moti malipiro amene mkazi ankawakhetsera thukuta anali a mwamuna wake. Zinthu zinayamba kusintha mu 1870 pamene Nyumba ya Malamulo inalola akazi okwatiwa kusunga malipiro awo, ndipo mu 1882 inawalola kukhala ndi katundu m'dzina lawo.

Nachanza:
Ndikugwirizana ndi a Chisale, koma ndikupempha kuti muonetsetse chaka chenicheni chimene nkhaniyo ikuchitika, chifukwa lamulo la za mabanja la mu 1857 linapatsa mkazi wothawidwa mwayi wopempha khoti kuti liteteze ndalama zimene wapeza mwamuna atachoka. Mmodzi mwa amene analimbikira kuti zimenezi zitheke anali Caroline Norton, wolemba mabuku amene mwamuna wake anamulanda ana atatu mu 1836 ndipo ankafunanso ndalama zochokera ku zolemba zake. Chimandipweteka ine n'chakuti lamulo lomwelo linali lokondera: mwamuna ankatha kuthetsa banja pa chifukwa cha chigololo chokha, pamene mkazi ankayenera kusonyezanso cholakwa china, monga nkhanza kapena kuthawidwa. Komanso mayi wosauka ngati wa m'buku lanulo, amene mwina sankadziwa kuwerenga, akanamva bwanji kuti chitetezo chotere chilipo?

Nambewe:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndabwerera m'bukumo, Mayi Nachanza, ndipo ndapeza kuti kalata imene ili kumayambiriro kwa chigawocho ndi ya mu 1853, kutanthauza kuti mayiyo analibe kothawira ngakhale kukhoti. Poyamba ndinakwiya naye chifukwa choimirira chete mwamunayo akuthira ndalama m'thumba, koma tsopano ndamvetsa chifukwa chake anangotola kachitini kopanda kanthuko n'kukabwezera pansi pa thabwa.