Sewero lanthabwala n'loti munthu n'kulipiranso kuti ulionere kachiwiri? Ndithandizeni maganizo

Mayi wa ku Luton:
Abale anga m'gulu muno, makamaka inu a ku UK kuno, ndigawireniko nzeru. Pepani, nkhaniyi ndi yaitaliko.

Mu 2019 anzanga a kuntchito ananditengera ku London kukaonera The Book of Mormon ku Prince of Wales Theatre, kufupi ndi Leicester Square kuja. Kanali koyamba kulowa m'holo yotere. Tinakhala kumwamba, ku circle, chakumbuyo kwenikweni, moti nkhope za osewera sindinkaziona. Ndinkangoona malaya oyera ndi mataye akuda akudumphadumpha. Kuseka ndinaseka, ndisaname. Koma theka la kusekako ndinkangotsatira anzanga. Chizungu cha m'nyimbo chimathamanga. Iwe ukamati ugwire mawu awa, holo yonse yaphulika kale, ndiye umangoyasamula kukamwa kuti usaoneke wotsalira.

Pano mng'ono wanga wabwera kudzachita Masters ndipo wakakamira kuti tikaonere limodzi sewero lomwelo. Wolipira ndine, iye ndi mwana wasukulu. Matikiti awiri, sitima, kachakudya, ndikawerengera ndi mashifiti awiri ausiku. Bambo a kunyumba kuno akuti nthabwala ili ngati kamtengo ka machesi, sikayaka kawiri, bola tikaone lina.

Pali chinanso chimene sindinauzepo munthu. Seweroli nkhani yake ndi ya anyamata amishoni a mpingo wa Mormon amene atumidwa kumudzi wina ku Uganda. Anthu a m'mudzi atayamba kuimba za Edzi ndi njala, mayi wachizungu amene anakhala pambali panga ankachita kupukuta misozi ndi kuseka. Mumzere wonsewo wakuda ndinali ndekha. Ine achimwene anga tinawaika m'manda chifukwa cha matenda omwewo. Ndinasekabe, koma m'sitima pobwerera ndinangoti duu mpaka kunyumba. Mpaka lero sindidziwa ngati tinkaseka amishoni aja kapena tinkaseka ife.

Ndiye inu amene munabwerezapo, kachiwiri kamakhala bwanji? Ndipite, kapena mwanayu ndingomugulira yake apite ndi anzake?

Bambo wa ku Coventry:
Achemwali, ine ndaonera katatu ndipo kachiwiri ndi kamene kanandikomera kuposa. Bambo akunyumbawo akunena zoona pa nthabwala zongodzidzimutsa, zimenezo zikapita zapita. Koma sewero la nyimbo si nthabwala zokha. Poyamba maso ako amangothamangitsa nkhani: mmishoni Elder Price ankapempherera kuti amutumize ku Orlando ku America koma amuponya ku Uganda, amupatsanso mnzake wabodza Cunningham, nanga zitha bwanji? Kachiwiri nkhani ukuidziwa kale, ndiye maso amamasuka. Umayamba kuona amene ali kumbuyo, nkhope zimene akupanga mnzawo akamaimba, mmene mapazi khumi akugwera pansi kamodzi. Komanso Cunningham uja paja amalephera kutchula dzina la Nabulungi, mtsikana wa m'mudzimo? Maina amene amamupatsa sakhala omwewo nthawi zonse, amasintha. Ulendo wachitatu anatchula lina loti ngakhale mtsikana wosewera Nabulungiyo ndinamuona akuluma mlomo kuti asaseke.

Langizo langa, mverani nyimbo zake sabata yonse musanapite, mawu ake ali m'manja. Zili pa Spotify ndi YouTube. Vuto la chizungu chothamanga litha.

Amayi a Mvano, Leeds:
Mwana wanga, ine ndikuuza mosabisa. Ana anga ananditengerako pa tsiku langa lobadwa poganiza kuti ndi za mpingo, poti dzina lake likumveka choncho. Itakwana nthawi yopumira ndinatenga chikwama changa n'kukawadikira panja pozizira. Muli nyimbo yotukwana Mulungu poyera, anthu akuomba m'manja. Mtima wako unakuuza kale m'sitima muja, ukufunanso umboni wanji? Mtengere mwanayo ku The Lion King ku Lyceum, mukatuluka muli osangalala nonse.

Bambo wa ku Coventry:
Amayi, ulemu wanu, koma mukanakhala mpaka kumapeto mukanaona kuti nkhani imatembenuka. Anthu a m'mudzi aja sakhala opusa ayi. Amamuuza Nabulungi kuti iwo ankadziwa kale kuti nkhani za Cunningham ndi mafanizo chabe, palibe ankazitenga ngati zenizeni.

Amayi a Mvano, Leeds:
Bambo, munthu akakutukwanirani mayi anu m'mawa, madzulo n'kudzati ndimacheza, mumaiwala?

Wophunzira wa ku Manchester:
Aunt, mfundo imene palibe wanena: sewero limene munaona mu 2019 si ndendende limene likuseweredwa pano. Mu 2020, George Floyd ataphedwa ku America, osewera akuda amene anakhalapo m'seweroli analembera kalata eni ake kudandaula za mmene anthu a ku Uganda amaonetsedwera. Maholo atatsegulidwanso mu 2021 Covid itachepa, zina anazisintha. Mwina mukukumbukira kuti Nabulungi ankayenda ndi taipi yakale n'kumati akutumiza mameseji, anthu n'kumaseka kuti mtsikana wa ku Africa sadziwa foni. Pano amagwira iPad, ndipo mbali yake anaipatsako mphamvu. Sindikunena kuti zonse zinakonzeka, za Edzi zilipobe, koma kwa inu sikukhala kubwereza kwenikweni.

Komanso dziwani amene analemba. Ndi Trey Parker ndi Matt Stone, eni katuni ya pa TV ya South Park, pamodzi ndi Robert Lopez amene pambuyo pake analemba nyimbo za Frozen ndi mkazi wake. Anthu a South Park ntchito yawo ndi kunyoza aliyense, sasiya munthu. Linayamba ku Broadway ku New York mu 2011 n'kutenga mphoto 9 za zisudzo zotchedwa Tony, ku London linafika mu 2013. Ine mmene ndimamvera, Uganda wa m'seweroli si Uganda weniweni, ndi Africa wa m'mutu mwa mwana wa Chimormon wa ku Utah ku America amene zonse za kwathu anaziona pa katuni.

Mlongo wokwatiwa ku Uganda:
Mfundo imeneyo ndaimva kambirimbiri, yoti akunyoza maganizo a azungu, osati ife. Chabwino. Koma mayi anakhala pambali pa achemwaliwa uja anapita kwawo ndi chithunzi chanji? Ine ndinapita ndi amuna anga, kwawo ndi ku Masaka. Atayamba kuimba mawu aja amene amati ndi chilankhulo cha m'mudzimo, anandinong'oneza kuti chimenechi si Luganda, si Chiswahili, si chilichonse. Anangopeka. Ku Uganda zilankhulo zilipo zambirimbiri, sakanatha kufunsa munthu mmodzi? Amuna anga anaseka m'malo ambiri, makamaka za anyamata amishoni aja akuphunzitsana kubisa zimene zikuwasautsa mumtima, pamenepo anachita kugwira pamimba. Koma potuluka anangoti, kamodzi kakwana.

Ndiye yankho langa, achemwali: maimbidwe ndi mavinidwe ndi apamwamba, pamenepo sinditsutsa. Koma chimene chinakupwetekani chija chikakupwetekaninso, mwina kuposa, poti ulendo uno mukamva mawu onse.

Wophunzira wa ku Manchester:
Mawu opekawo ndi dala, akutengera nyimbo ina yotchuka ya mu The Lion King ija yoti kulibe mavuto.

Mlongo wokwatiwa ku Uganda:
Ndikudziwa kuti ndi dala. Ukandiponda dala ndiye kuti siziwawa?

Mnyamata wa ku Ndirande:
Koma anthu a kunja muli ndi mavuto abwino bwanji. Mashifiti awiriwo tumizani kuno tigule feteleza, sewero ndikuchitirani ndekha pa WhatsApp video, mpaka kuvina.

Koma zoona zake, achemwali, zoti nthabwala siyaka kawiri ine ndakana. Malemu Izeki ndi Jakobo tinkawaonera kangati? Ku French Cultural Centre tinkakhala pamzere dzuwa likuswa mtengo, sewero la Kwathu loti tinaliona kale, ena mawu ake tikuwadziwa pamtima. Izeki asanatsegule n'komwe pakamwa anthu ayamba kale kugwa m'mipando, chifukwa tikudziwa chimene chikubwera. Kukoma kwake kunali komweko. Ndipo chinkakoma kwambiri ndi kupita ndi munthu woti sanaonepo, iwe osayang'ana kusiteji koma kumuyang'ana iyeyo, kudikira kuti pafike paja. Inu mukaonera mng'ono wanu, seweroli ndi ndiwo chabe.

Mayi wa ku Luton:
Achimwene a ku Ndirande mwandiseketsa ndili pa break. Feteleza tikambirana ku inbox. Koma mwandikumbutsa kutali, bambo athu ankatitengera kumeneko titavala za ku tchalitchi.

Nesi wa ku Croydon:
Ine za Mulungu ndi za Uganda ndisiyira ena, ndingonena za ndalama. Ngati mukupita kukakhalanso kumbuyo kwa circle, musavutike, mukaona malaya oyera omwe aja. Holo ija ili ndi magawo awiri okha, stalls pansi ndi circle kumwamba. Kubwereza kumakhala ndi phindu ukasintha mpando. Sewero loseketsa limadalira nkhope, kukweza chikope, kachete kaja munthu asanayankhe. Pansi umaziona zonsezo, mpaka thukuta.

Musagule Loweruka madzulo, ndi pamene mitengo imakwera. Yang'anani m'kati mwa sabata. Pa Leicester Square pali kanyumba kodziwika kuti TKTS kamene kamagulitsa matikiti otsika mtengo a tsiku lomwelo, ndiponso pa app ya TodayTix pamatuluka zotchipa, kungoti si tsiku lililonse pamene mungapeze sewero limene mukufuna, ndiye muzipita ndi lina m'maganizo. Osewera nawonso amasinthidwa pakapita nthawi, amene munawaona mu 2019 mwina simuwapezanso, ndipo Cunningham aliyense amaseketsa mwa njira yake. Wina amakuwa, wina amachita manyazi. Seweroli limatenga pafupifupi maola awiri ndi theka, ndiye onani sitima yobwerera musanagule.

Chomaliza, mumuuziretu mng'ono wanuyo kuti muli kutukwana koopsa. Ngati ndi wa kwaya asakadzidzimukire komweko.

Mkulu wina wa ku Area 25:
Funso langa ndi lapambali. Anyamata a malaya oyera ndi tibaji takuda amenewa timawaona akuyenda awiriawiri kuno ku Lilongwe, aulemu kwambiri. Mpingo wawo sunakwiye?

Wophunzira wa ku Manchester:
Bambo, m'malo mopita kukhoti anagula malo otsatsira malonda m'kabuku kamene amagulitsa pakhomo la holo, n'kulembamo zolimbikitsa anthu kuti poti sewero aliona, akawerenge buku lawo lenileni la Mormon.

Mkulu wina wa ku Area 25:
Amenewo ndiye ochenjera. Ukanakhala mpingo wathu bwenzi pali kalata yowerengedwa m'matchalitchi onse.

Amayi a Mvano, Leeds:
Ndipo ndikanaiwerenga ndine.

Mayi wa ku Luton:
Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse, ina kawiri. Amayi a ku Leeds, mawu anu sindinawataye, ndipo nyimbo mukunenayo nditaimvera dzulo mawu ake ali m'manja ndinachita kuzimitsa kaye. Nthawi ija sindinamve n'komwe kuti akunena zimenezo, ndinkaomba nawo m'manja. Mlongo wa ku Uganda, inunso mwanena chimene ndimaopa.

Usiku ndinamuimbira mng'ono wanga n'kumuuza zonse, mpaka za mayi wopukuta misozi uja. Achimwene athuwo iye sawakumbuka bwino, anali wamng'ono. Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye tipite awiri, mumzeremo mukakhale ndi mnzanu." Ndinasowa choyankha.

Tagwirizana Lachitatu la sabata ya mawa, poti ndili off. Tikayesa pansi monga anenera anesi, zikakanika tikaona lina. Ndamuuzanso kuti ndikadzatola chikwama pa nthawi yopumira asadzandifunse mafunso, adzangonditsatira. Bambo akunyumba akuti iwo atsala ndi ana, koma ndiwabweretsere kabuku kaja aone ngati za malondazo zili zoona.

Anesi a ku Croydon, ku stalls kuja mizere yakutsogolo kwenikweni munthu sathyoka khosi? Mng'ono wangayu ndi wamfupi ngati ine.