Saturation (mulingo wa okosijeni m'magazi) ikutsika kamera ikangolowa pakhosi, mumatani anzanga?

Wogonetsa odwala, Kasungu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa gastroscopy (kuunika m'mimba ndi kamera yodzera pakamwa) tikugonetsa ndi mankhwala a propofol, okosijeni malita 2 pa nasal cannula (timapaipi ta okosijeni ta m'mphuno). Odwala onenepa a khosi lalifupi, kamera ikangodutsa amayamba kuliza mkonono, saturation n'kutsika kufika m'ma 80. Guedel (kapaipi ka pakamwa kotsegula njira ya mpweya) alibe polowera chifukwa pakamwa pali kale bite block (choletsa wodwala kuluma kamera) ndi kamera.

Wogonetsa odwala, Mchinji:
Achimwene, mkonono umenewo ndi lilime lagwera kumbuyo. Kukweza malita kokha sikungatsegule njira. Ikani nasopharyngeal airway (paipi ya m'mphuno yotsegula njira ya mpweya) wodwala akangogona, kamera isanalowe: saizi 6 kwa amayi ambiri, 7 kwa abambo. Kutalika yezani kuchokera pamphuno kufika pakhutu. Pakani jelly, ilowe molunjika kumbuyo motsata pansi pa mphuno, osati kuloza m'mwamba. Ikakana musakakamize, yesani mphuno inayo. Yotalikitsa imakafika pakholingo, wodwala n'kuyamba kutsokomola kapena kholingo kutsekeka. Okosijeni mukweze akhale malita 4, ndipo munthu mmodzi akhale kumutu, ntchito yake kukankhira nsagwada kutsogolo basi.

Namwino wa ku theatre:
Agonere kumanzere, nkhope itapendekera pansi kuti malovu azituluka okha. Suction (makina oyamwa malovu) ikhale yoyatsa kale. Bite block muziika asanagone, apo ayi mulimbana ndi mano oluma. Mano oikirira achotsedwe.

Wogonetsa odwala wamkulu:
Zonsezo n'zoona, koma yang'ananinso dose. Ambiri vuto limayambira pa sirinji. Yambani ndi propofol 0.5 mg pa kilogalamu, pang'onopang'ono, kenako 10 kapena 20 mg, mukudikira kaye kuti mankhwala agwire. Kwa wonenepa musawerengere kulemera kwake konse. Mukaphatikiza ndi midazolam (wogonetsa) kapena pethidine (wopha ululu), kupuma kumaima msanga. Kupopera lignocaine (wochititsa dzanzi) pakhosi kumachepetsa kufuna kusanza, ndiye simufunika kumugonetsa kwambiri. Ketamine, mankhwala ena ogonetsa, sasokoneza kupuma kwenikweni, koma malovu ake ndi ochuluka.

Oximeter (kachipangizo koyeza saturation) imachedwa, musaidalire yokha. Wodwala amene ali pa okosijeni akhoza kusiya kupuma nambala ikuonetsabe 97. Kopanda capnography (makina oyeza mpweya umene wodwala akutulutsa) maso akhale pachifuwa, dzanja pafupi ndi mphuno. Ikatsika pansi pa 90 ndipo sikukwera mutakankha nsagwada, uzani adokotala atulutse kamera, musachite nawo manyazi. Chotsani bite block, yamwani malovu ndi suction, kenako mupumitseni ndi Ambu bag (chikwama chopopera mpweya).

Wogonetsa odwala, Kasungu:
Zikomo bwana. Nanga aja a mitsempha yotupa ya kum'mero chifukwa cha likodzo, obwera akusanza magazi?

Wogonetsa odwala wamkulu:
Amenewo ndi nkhani ina. Amene akusanzabe magazi m'mimba mwake ndi modzaza, kaya anadya liti. Ameneyo ndi rapid sequence (kumugonetsa mwachangu n'kuika chubu nthawi yomweyo) ndi endotracheal tube (chubu cholowa m'njira ya mpweya) ya cuff (kabaluni kotseka m'mbali), saizi 7.0 kapena 7.5, kamera ilowe pambuyo. Paipi ya m'mphuno samalani nayo, chifukwa kapamba akatupa ma platelets (othandiza magazi kuundana) amatsika, mphuno ikhoza kukha magazi osaleka. Iliponso LMA Gastro (paipi yopumira yokhala pamwamba pa kholingo), yokhala ndi njira yakeyake yodutsa kamera yosapitirira 14 mm, koma siteteza mapapo ku magazi ngati chubu cha cuff. Ngati magazi omuika kapena ma band omangira mitsempha palibe, muikeni ma cannula awiri akuluakulu a m'mitsempha, drip iziyenda, muimbe ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ambulansi isananyamuke.