Fyuluta ya injini ya chigayo ikungotsekeka ndi fumbi, ndithandizeni

Akuluakulu, ndili ndi chigayo chopunthira mpunga kuno ku Nkhotakota, cha injini ya dizilo. Chiyambireni kukolola, fyuluta ya mpweya siikutha ngakhale milungu iwiri. Fumbi la mankhusu likumalowerera mkati mwenimweni mwa pepala lake, moti ngakhale ndiikutumule bwanji, injini imangofukabe utsi wakuda bii.

Makaniko wina wandiuza za mafyuluta okutidwa ndi nanofiber, timaulusi tosalukidwa, topyapyala kwambiri kuposa tsitsi, tomwe timagwira fumbi pamwamba pomwepo koma mpweya n'kumadutsa bwinobwino. Alipo amene anawayesapo pa fumbi ngati lathuli? Amapirira chinyezi cha kunyanja kuno? Nanga ku Lilongwe amapezeka, kapena mpaka kuitanitsa kunja? Dizilo akungondithera, chonde ndiunikireni.