Milandu ya mapatenti ija ndi imene inafoola Vonage, kapena inali itadwala kale?

Mawaya_265

Akuluakulu thandizeni apa. Masiku ano aliyense akuimba pa WhatsApp osaganiza kawiri, koma ndamva kuti cha m'ma 2007 ku America kunali kampani ya Vonage yomwe inkagulitsa mafoni a pa intaneti ndipo makampani akuluakulu a telefoni anaikokera ku khoti pa nkhani ya mapatenti (ziphaso za boma zoteteza luso lomwe munthu watulukira kuti ena asaligwiritse ntchito popanda chilolezo) mpaka inatsala pang'ono kutseka. Funso langa ndi loti kodi inabadi luso la eni ake kapena anthu anangoiopa chifukwa inkawalanda makasitomala? Nanga milandu yotereyi imabwezadi m'mbuyo zinthu zatsopano kapena ndi kudandaula chabe kwa oluza?

Che_Jusa

Achimwene nkhaniyi ndi yaitali koma ndiyesa. Vonage inkakupatsa kabokosi kakang'ono, kumbuyo kuli mabowo, limodzi ulowetsa waya wa intaneti lina ulowetsa foni ya m'nyumba ija yachikale, basi wayamba kuimba dziko lonse la America pa madola pafupifupi 25 pamwezi. Ndiye taganizani Verizon yomwe inakumba mayenje ndi kuimika mapolo kwa zaka zambiri ikuona anthu akusamuka.

Verizon inasuma mu 2006. Pa 8 Malichi 2007 khoti la ku Virginia linapeza kuti Vonage yaphwanya mapatenti atatu, alipire madola 58 miliyoni kuphatikizapo 5.5 peresenti ya ndalama zimene azipeza mtsogolo. Awiri mwa mapatentiwo anali okhudza m'mene foni yochokera pa intaneti imapezera nambala ya foni wamba, ndiye pamtima penipeni pa bizinesi yawo. Koma chimene chinawathyola msana si ndalamazo ayi, ndi jaji Claude Hilton amene mu Epulo analamula kuti asalembenso kasitomala watsopano ngakhale mmodzi. Kampani yoti anthu amaichoka mwezi ndi mwezi nkuiuza kuti usalembe atsopano, ndi chimodzimodzi kutunga madzi m'chidebe chobooka kenako akutsekera mpopi. Khoti la apilo linaimitsa lamulolo tsiku lomwelo koma mantha anali atafalikira kale, bwana wamkulu Michael Snyder anatula pansi udindo mwezi womwewo.

Kenako ena anaona kuti nyama yagwa. Sprint inawina madola 69.5 miliyoni mu Sepitembala ndipo anamvana pa 80 miliyoni, ya Verizon inathera pa 120 miliyoni, AT&T nayo inatenga 39 miliyoni. Phatikizani nokha, madola pafupifupi 240 miliyoni m'chaka chimodzi kwa kampani yoti inali isanapangepo phindu. Mainjiniya omwe akanapanga zatsopano anakhala miyezi akusaka njira yozembera mapatenti kuti foni ichite zomwe inkachita kale. Kwa ine kubwerera m'mbuyo ndi kumeneko.

MayiAPhiri_Leeds

A Jusa mwafotokoza bwino koma musaiyeretse kwambiri Vonage. Masheya ake anayamba kugulitsidwa mu Meyi 2006 pa madola 17 ndipo anayamba kutsika tsiku loyamba lomwelo, chigamulo chisanabwere nkomwe. Chaka chimenecho analuza madola oposa 300 miliyoni, zambiri zikupita kotsatsa malonda pa TV. Ndipo amene anawadyera msika kwenikweni anali makampani a kebo ngati Comcast omwe amakugulitsa TV, intaneti ndi foni pa bilu imodzi, munthu ukanalimbana nawo bwanji? SunRocket yomwe inkachita bizinesi yofanana inatseka mwadzidzidzi mu Julaye 2007, makasitomala pafupifupi 200,000 kungodzuka foni zili zii, ndiye msika wonsewo unali wodwala.

Komanso patenti si mlandu. Munthu waika ndalama pa kafukufuku, boma lamupatsa zaka 20, wina nkubwera kudzangotola? Ayi ndithu.

Che_Jusa

Mayi zoona za ndalamazo sindikana. Koma pa za kafukufuku tiyeni tione bwino. Verizon yomweyo itanyamula mapatenti ake a mafoni a pa intaneti kupita nawo kwa Cox mu 2008, kampani ya kebo ya matumba akuya ndi maloya ake, inaluza, khoti linati Cox sinaphwanye kanthu ndipo mbali zina za mapatentiwo zinapezeka zopanda mphamvu. Ndiye funso nlakuti chinasiyana nchiyani, luso kapena kukula kwa wosumiridwayo? Vonage inamvana nawo chifukwa inalibe mpweya wodikira apilo ina pamwamba pa apilo. Ndipo Verizon inali ndi foni yakeyake ya pa intaneti, VoiceWing, yomwe inaitseka mu 2009. Wapanikiza mnzako kenako iwe wemwe osapitiriza nazo, kkkk.

Kabudula_Dev

Ine ndionjezere ya Apple chifukwa pamenepa ndi pomwe munthu wamba anakhudzidwa m'manja mwake. Kampani ya VirnetX inasumira Apple pa mapatenti nkuwina madola 368 miliyoni mu 2012 ku Texas, ina mwa nkhani zake inali FaceTime, pulogalamu ya Apple yoimbirana pa vidiyo, m'mene mafoni awiri amalumikizirana mwachindunji. Apple pozemba inayamba kudutsitsa mafoniwo pa maseva apakati zomwe zinali zodula, kenako inakonza njira ina mu iOS 7, pulogalamu yatsopano yoyendetsa iPhone, ndipo mu Epulo 2014 FaceTime inasiya kugwira kwa amene anali pa iOS 6. Anthu a iPhone 4 ndi 4S anasuma, Apple inavomera kulipira madola 18 miliyoni mu 2020. Tangoganizani gogo ali ndi foni yake yabwinobwino, dzulo amaona zidzukulu lero sikulumikiza, chiyambi chake ndi mlandu womwe sanaumvepo.

Koma mbali ina imene anthu saitchula, mantha a mapatentiwa anakankhiranso anthu kupanga zinthu zaulere. Kale kuti mawu apanikizidwe bwino pa intaneti yofooka ambiri amagwiritsa njira yotchedwa G.729 ndipo umalipira laisensi pa laini iliyonse, amene anaikapo Asterisk, pulogalamu yoyendetsa mafoni, mu ofesi akudziwa mutu wake. Mu 2012 kunatuluka Opus, njira yaulere yopanikizira mawu, yomwe mbali ina inachokera ku SILK ya Skype, ndipo ndi imene ili mu WebRTC pano, luso loimbirana la m'mabulawuza, mwana wa sukulu atha kupanga pulogalamu yoimbirana mu bulawuza osapempha chilolezo kwa munthu. Ndiye a Mawaya yankho langa ndi loti milanduyi siinaphe luso koma inasankha amene atsale pabwalo, wamng'ono wofuna kulumikiza intaneti ndi nambala wamba ndi amene anapsa kwambiri.

Mawaya_265

Eee zikomo nonse. Nanga Vonage yomweyo ilipo kapena inatha?

MayiAPhiri_Leeds

Ilipo bambo koma si ija ya kabokosi. Inatembenukira kwa makampani, mu 2016 inagula Nexmo ija ya mauthenga ndi mafoni odutsa m'mapulogalamu, ndipo Ericsson inaigula mu 2022 pa madola 6.2 biliyoni. A Jusa mukaŵerenge nambala imeneyo kawiri musanandiuzenso kuti inaphedwa.