Chiwerengero cha alendo pa tsamba lathu chagwa mwadzidzidzi, ndithandizeni abale

Wofunsa (dzina labisidwa):
Ndine mchemwali wanu, ndabisa dzina chifukwa ena a kuntchito kwathu ali m'gulu muno. Ndimayang'anira tsamba la pa intaneti la bungwe lathu, la WordPress. Si ntchito imene anandilembera ayi, ndinabwera ngati mlembi, koma mnyamata amene anakonza tsambali pochoka anangondisiyira password papepala. Kuyambira pamenepo chilichonse chokhudza kompyuta ndi ine. Printer ikakana ndi ine, foni ya abwana ikadzadza ndi ine, malipiro ali pomwepo. Mnyamatayo ndikamuimbira sayankha, uthenga amawerenga koma zii.

Vuto ndi ili. Tili ndi plugin yowerengera anthu obwera patsamba. Kale inkaonetsa anthu mazana angapo patsiku, pano ikuonetsa ochepa oti mungawerenge ndi zala. Komanso pa mapu aja osonyeza kumene anthu akuchokera, pafupifupi onse akuoneka kuti ali dziko limodzi, loti ife tilibeko ntchito iliyonse. Chonsecho anthu akutilemberabe kudzera pa fomu ya patsambalo monga kale, ndiye sindikukhulupirira kuti atithawa.

Kumapeto kwa mwezi ndikuyenera kupereka lipoti kwa amene amathandiza bungweli, ndipo manambala amenewa amawafuna. Mnzanga wa mu ofesi wauza kale abwana kuti ndawononga ndine, pamene iyeyo ndi amene ankaika zithunzi zikuluzikulu osazichepetsa mpaka tsamba linkachedwa kutseguka. Tulo sindikuliona. Ndachotsa plugin n'kuikanso, palibe chasintha. Ndichite chiyani?

Mkulu wa Seva:
Chotsani plugin imeneyo lero lomwe achemwali. Ndakhala ndikunena m'gulu muno mpaka mawu kutha: plugin yosunga manambala mu database ya WordPress ndi katundu wolemera pachabe. Munthu aliyense akatsegula tsamba, seva yanu ikulemba mzere wina mu database. Ikani Google Analytics 4 (GA4), chida cha Google chowerengera alendo, mudutsire pa Site Kit imene a Google anapanga okha, nkhani yatha.

Gogo wa HTML:
Mwana wanga, za printer tamva, za malipiro tamva, za mnzanu tamva. Koma plugin yake ndi iti? Version yanji? Ndipo sabata imene manambala anagwa, chinasintha n'chiyani patsambalo? Zinthu izi sizisintha zokha. Chinanso chimene chandidetsa nkhawa: mwati munachotsa plugin n'kuikanso. Munali mutasunga backup? Ma plugin ena ukawachotsa amafufuta ndi ma table awo omwe. Taonani kaye ngati manambala a miyezi yam'mbuyo alipobe.

Kalulu_Dev:
Kkkkk ndiye kuti alendo anu onse anapangana n'kusamukira dziko limodzi. Pepani asisi, zitheka, musadandaule.

Nyenyezi:
Ine ndikuona mwina. Mwina manambala akalewo ndi amene anali abodza. Gawo lalikulu la zimene zimagogoda pa tsamba lililonse si anthu, ndi ma bot, mapulogalamu amene amayendera masamba okha: Googlebot, Bingbot, AhrefsBot, SemrushBot ndi ena osatchula n'komwe dzina lawo lenileni. Plugin imawazindikira poona user agent, dzina limene browser kapena bot imadzitchula nalo. Ikachita update n'kuyamba kuwasefa bwino, chiwerengero chimatsika ndipo mwini wake amaganiza kuti anthu athawa. Nkhani ya ma bot anthu m'gulu muno simuiganizira n'komwe.

Mkulu wa Seva:
A Nyenyezi, inu funso lililonse yankho lanu ndi ma bot. Bot ingachititse kuti anthu onse aoneke dziko limodzi? Plugin yafa basi. GA4.

Mlonda wa Deta:
Bwana Mkulu, mukuuza munthu kuti apereke mbiri ya alendo ake onse kwa kampani ina popanda kumufunsa n'komwe kuti alendowo ali kuti. Ngati ena ali ku Ulaya, pali lamulo la GDPR loteteza deta ya anthu limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, ndipo IP ya munthu, nambala ya adiresi yake pa intaneti, imawerengedwa ngati chinthu chomuzindikiritsa. Kusunga manambala pa seva yako n'kubisa mbali ya IP ndi njira yaulemu kwa anthu. Amene akufuna chida chachikulu atenge Matomo, imene kale inkatchedwa Piwik, aike pa seva yake. Musaiwalenso kuti pa 1 Julayi 2023 Universal Analytics, Google Analytics yakale ija, inasiya kuwerenga ndipo aliyense anayenera kuyambiranso pa GA4. Deta ikakhala kwa eni ake, tsiku losamuka amasankha ndi iwo.

Mkulu wa Seva:
Matomo pa hosting yogawana ndi anthu ena? Mukufuna seva ya achemwaliwa ilire? Nayonso imalemba mu database yomweyo. Ine masamba amene ndimayang'anira palibe ngakhale limodzi lili ndi plugin ya mtundu umenewu, ndipo onse amathamanga.

Mlonda wa Deta:
Amathamanga inde, koma aliyense amene ali ndi uBlock Origin kapena ad blocker ina pa browser yake simumuona, chifukwa script ya Google Analytics ili pa mndandanda wa zotsekedwa. Manambala anuwo nawonso ndi operewera, kungoti simudziwa ndi angati.

Mkulu wa Seva:
Palibe chida chimene chimawerenga aliyense, zimenezo ndikuzidziwa. Funso ndi lakuti n'chiti chimene sichikupweteka mutu. Ndipo sindikusintha maganizo.

Bambo a Mapasa:
Inetu zinandichitikira zoposa pamenepa. Plugin yotere ndinaisiya zaka osaiyang'ana, table yake inakula kuposa nkhani zonse za patsamba kuphatikiza pamodzi. Backup inkafera panjira, dashboard kutseguka kwake mpaka kuiwala chimene umafuna. A hosting ananditumizira chenjezo, ine n'kuliona mochedwa, tsamba n'kutsekedwa tsiku limene kasitomala ankafuna kulionetsa kwa anthu ake. Kasitomalayo mpaka lero sitiyankhulana. Pitani mu ma settings mupeze pamene pamanena zofufuta deta yakale, muike kuti izichotsa yokha zimene zapitirira chaka kapena zaka ziwiri. Sindikuti ndiye vuto lanu, koma likubwera.

Wofunsa (dzina labisidwa):
Zikomo nonse. Agogo, manambala akale alipo, sanafufutike. Ine palibe chimene ndinakhudza, ndikulumbira. Lero abwana andiitana mu ofesi, mnzanga uja ali pomwepo akumwetulira. Ndi munthu yemweyo amene anatenga tchuthi nthawi imene ndinapempha ine. Chondipweteka n'chakuti tsambali pano lili bwino kuposa kale, chichokereni pamene a hosting anatikonzera kuti lizitseguka msanga aliyense akuyamikira, koma woyamika ine palibe. Za GA4 ndi Matomo sindikuzimvetsa, ndikungofuna yomweyi igwire ntchito.

Tiyese Kaye:
Achemwali, imani pomwepo. A hosting anakukonzerani liti? Yang'anani tsiku limene anachita zimenezo ndi tsiku limene manambala anagwa. Ndikukhulupirira kuti ndi limodzi.

Kuti tsamba lizitseguka msanga, kawirikawiri amachita zinthu ziwiri. Choyamba ndi cache. WordPress mwachibadwa imamanga tsamba mwatsopano ndi PHP munthu aliyense akalipempha, ndipo ma plugin ambiri owerengera alendo amawerenga nthawi imeneyo. Cache imasunga tsamba lomangidwa kale n'kumalipereka lomwelo kwa aliyense, PHP osadzuka n'komwe. Zili ngati mlonda wolemba mayina wakhala pakhomo lakutsogolo pamene anthu atsegulidwira lakumbuyo. Ochepa amene mukuwaonawo ndi amene anafika cache itatha nthawi yake, kapena anatsegula tsamba limene linali lisanasungidwe. Fomu ikugwirabe ntchito chifukwa kutumiza uthenga sikudutsa mu cache.

Chachiwiri ndi CDN, monga Cloudflare. Mlendo safikanso pa seva yanu mwachindunji, amafikira pa seva za CDN, izo n'kumupemphera tsambalo. Plugin ikamawerenga REMOTE_ADDR, pamene seva imalemba IP ya amene wafika pa iyo, imaona IP ya CDN osati ya munthuyo. N'chifukwa chake onse akuoneka dziko limodzi, ndiponso anthu ambiri osiyana akuwerengedwa ngati mmodzi.

Mu ma settings a plugin fufuzani pamene pakunena za cache kapena zowerenga kudzera mu JavaScript, muyatse. Ikatero kuwerenga kumachitika mu browser ya mlendo, imene imatumiza kauthenga ku seva ngakhale tsamba lichokere mu cache. Kenako fufuzani posankha kumene IP ichokere. Ngati ndi Cloudflare sankhani CF-Connecting-IP, ngati ndi ina nthawi zambiri ndi X-Forwarded-For. Mukatha mufufute cache yonse, apo ayi masamba akale opanda script adzapitiriza kuperekedwa.

Gogo wa HTML:
Si chimene ndinafunsa poyamba paja? "Palibe chimene ndinakhudza." Sindinafunse chimene munakhudza inu mwana wanga, ndinafunsa chimene chinasintha.

Mkulu wa Seva:
Mwaona? GA4 imawerenga ndi JavaScript kuyambira kale, cache siiikhudza. Mukanandimvera poyamba bwenzi pano mutagona.

Tiyese Kaye:
Achimwene, zoona siikhudzidwa, koma ikayikidwa lero iyamba kuwerenga lero. Lipoti lawo likufuna kuyerekeza ndi miyezi yam'mbuyo, ndipo zida ziwiri zosiyana siziwerenga mofanana.

Nyenyezi:
Ndipo akasinthira ku JavaScript asadabwe manambala akapanda kubwerera pamene anali. Ma bot ambiri sayendetsa JavaScript, ndiye agwa okha. Mfundo yanga ija ikadalipo, a Mkulu.

Mlonda wa Deta:
X-Forwarded-For musamaikhulupirire mwachisawawa, munthu akhoza kulembamo IP yabodza ngati seva ikulandira aliyense mwachindunji. Pa mapuwo onaninso database ya GeoIP, imene imasonyeza dziko la IP iliyonse. Ya MaxMind, GeoLite2, kuyambira Disembala 2019 imafuna akaunti ndi license key kuti uitsitse, ndiye pali masamba ambiri amene akugwiritsabe ntchito yakalekale. Ndipo muyatse zobisa IP, chonde.

Wofunsa (dzina labisidwa):
Masiku ake ndi amodzi ndithu! Ndapeza za JavaScript, ndayatsa, cache ndafufuta. Ndatsegula tsamba kambirimbiri pa kompyuta yanga koma nambala siikusuntha. Mtima wanga uli m'mwamba, abwana akufuna yankho mawa.

Kalulu_Dev:
Asisi mwalowa ngati admin? Ma plugin ambiri admin samuwerenga. Tulukani, kapena tsegulani pa incognito, kapena pa foni ndi data yanu.

Wofunsa (dzina labisidwa):
Ndayesa pa incognito, chimodzimodzi. Mwana wa mchemwali wanga wandionetsa kudina F12, pa Network pali mzere wofiira wolembedwa 403, ndipo muli mawu akuti wp-json.

Tiyese Kaye:
Basi tafika. Script ikutumiza uthenga koma seva ikuukana. wp-json ndi khomo la REST API ya WordPress, ndipo ma plugin achitetezo kapena firewall ya hosting nthawi zina amalitseka kwa anthu amene sanalowe ndi password. Onani mu plugin yanu yachitetezo ngati pali chotseka REST API, mulole adiresi ya plugin yowerengerayo yokha, musatsegule zonse. Mukapanda kupeza, tumizani screenshot ya mzere wofiirawo kwa a hosting. Ikatheka mzerewo uonetsa 200. Muwauzenso kuti adiresi imeneyo isalowe mu cache.

Za masiku amene anatayika, plugin singawabwezenso chifukwa sinawalembe. Pemphani a hosting ma access log a masikuwo, kaundula wa seva wa aliyense amene anapempha tsamba, msanga, poti ambiri sawasunga nthawi yaitali. Ngati muli ndi cPanel onani AWStats, imawerenga kuchokera mu ma log omwewo. Manambala ake sangafanane ndendende ndi a plugin, ndiye mu lipoti mulembe kuti a masiku amenewo achokera kwina.

Mkulu wa Seva:
Ntchito yonseyi chifukwa cha plugin imodzi. Achemwali mukatopa mundipeze ku inbox ndikuikireni GA4, mphindi zochepa chabe.

Gogo wa HTML:
Password musapatse munthu wa pa intaneti mwana wanga, kaya ndi wa m'gulu muno.

Mayi wa Awiri:
Pepani kulowerera. Yanga ikuchita zosiyana, munthu mmodzi akatsegula tsamba ikuwerenga kawiri. Ndi cache yomweyo?

Kalulu_Dev:
Ayi mayi, inu mwina code yowerengera munaiika kawiri, mu theme ndi mu plugin. Dinani Ctrl ndi U muone source ya tsambalo, mufufuze ngati ikupezeka malo awiri.